Sunga Khosi, Mkanda Woyera Udzavala

Mwa miyambi imene makolo anasiya, uwu wakuti "sunga khosi, mkanda woyera udzavala" ndi umodzi umene umatchulidwa kawirikawiri pa nthawi ya zowawa. Agogo amalimbitsa nawo mtima mdzukulu amene walephera mayeso, ndipo ankhoswe amalangiza nawo banja limene umphawi walifika pakhosi. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu asataye moyo wake kapena mbiri yake chifukwa cha mavuto a lero, pakuti mkanda, ngakhale ukongole motani, suvalidwa ndi munthu amene khosi lake linapita kale.

Komatu mwambiwu sunena kuti mkandawo adzabweretse ndani, kapena kuti udzafika liti. Apa ndi pamene anthu ambiri amafookera, chifukwa kupirira kopanda pogwira kumatopetsa. Chikhristu chinapeza mwambiwu ulipo kale, ndipo chinaupatsa tsinde pophunzitsa kuti wolonjezayo ndi Mulungu, amene sasintha mawu ake. Mbiri ya mmene uthenga wabwino unafikira m'mbali mwa nyanja ya Malawi ikusonyeza bwino kuti chiyembekezo chotere chimagwira ntchito motani.

M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anafika panyanja ndi sitima yotchedwa Ilala, nakhazikitsa malo awo ku Cape Maclear. Malungo anawakantha koopsa, kotero kuti patapita zaka zisanu manda a anzawo anali atandandalika pamalopo, koma munthu wobatizidwa panalibe. Woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, analandira ubatizo mu 1881, chaka chomwecho chimene mishoni inasamukira ku Bandawe. Wamalonda akanawerengera phindu la zaka zimenezo akanati ntchitoyo yagwa, ndi bwino kulongedza katundu. Dr Robert Laws sanatero. Anakhalabe m'dziko muno mpaka 1927, ndipo anaona ndi maso ake sukulu, zipatala ndi mipingo zitafalikira kumpoto konse.

Nkhani yogwira mtima koposa ndi ya William Koyi, Mxhosa wa ku South Africa amene anaphunzira ku Lovedale nabwera kuno mu 1876. Masiku amenewo Angoni a Inkosi M'mbelwa ankathira nkhondo mitundu yoyandikana nayo, makamaka Atonga a kunyanja, ndipo ulemu wa mnyamata unali pa mkondo wake. Koyi, amene chinenero chake chinali chofanana ndi Chingoni, anakakhala pakati pawo ku Njuyu. Kwa zaka zingapo mafumu anakaniza kutsegula sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzaleka nkhondo. Chilolezo chinaperekedwa mu 1886, Koyi ali chigonere pa mphasa, ndipo anamwalira chaka chomwecho asanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Oyamba, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, anabatizidwa mu 1890. Pofika 1898 anthu zikwizikwi anasonkhana ku Ekwendeni pa msonkhano wa mgonero, ena mwa iwo amuna amene kale ankatsogolera nkhondo.

Mkondo wa Angoni a M'mbelwa sunathyoledwe ndi mfuti. Zifukwa zina zinalipo ndithu, monga kubwera kwa boma la atsamunda ndi kutseguka kwa njira zopitira kukagwira ntchito, koma wokana kuti mitima inasinthika akukana zimene zinaonekera poyera. Ana a anthu amene ankatentha midzi ya Atonga anadzakhala pa gome limodzi ndi ana a Atongawo. Kumeneko ndiye kusandulika kwa mtima, pamene munthu aleka chinthu chimene chinkamupatsa dzina pakati pa anzake, popanda womukakamiza.

Muyeso umenewu ndi umene uyenera kugwiritsidwa ntchito lero. Mipingo yachuluka, zinkuzamawu zimalira usiku wonse, ndipo pali alaliki ena amene amalonjeza galimoto, ukwati ndi ntchito kwa aliyense wopereka ndalama. Uthenga wotere umalonjeza mkanda mawa lomwe, koma za kusunga khosi sunena kanthu. Ukalephereka, wovutika uja amabwerera kwawo ndi umphawi wake womwewo, kuwonjezapo manyazi akuti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa. Akale anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chipembedzo chimene sichiletsa kalaliki kulandira chiphuphu, kapena achibale kulanda katundu wa mkazi wamasiye, ndi nkhuyu yoteroyo.

Chikhulupiriro chenicheni chimaonekera pamene pali misozi. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi m'chigawo chakummwera mu Marichi 2023, matchalitchi ndi sukulu zinasanduka malo ogona a anthu amene nyumba zawo zinapita ndi matope, ndipo akhristu, pamodzi ndi anthu a zipembedzo zina, anagawana nawo ufa, zovala ndi zofunda. Pa maliro alionse amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a mabungwe ena a mpingo amachezera pa siwa, amatunga madzi, amaphika, nakhala pafupi ndi wamasiye kufikira kucha. Sangathe kuukitsa womwalirayo, koma amatsimikizira wotsalayo kuti sanasiyidwe yekha ndiponso kuti manda si mathero. Ambiri amene anafuna kutaya moyo anabwezedwa ndi chifundo chotere.

Makolo ndi atsogoleri a mipingo aphunzitse ana mwambiwu wonse wathunthu, mbali ya khosi pamodzi ndi mbali ya mkanda. Awauzenso za Koyi, amene anabzala mbewu imene ena anadzakolola, kuti mwana akadzakumana ndi chilala, matenda kapena ulova, adzadziwe kuti kuchedwa kwa mkanda si chifukwa chotayira khosi.