Tisanatumize uthenga kumudzi

Aliyense amene wakhalako mu mzinda wa Pretoria, umene khonsolo yake masiku ano imatchedwa Tshwane, amazidziwa nyumba za Union Buildings zimene zili pamwamba pa chitunda cha Meintjieskop. Ukaima ku Arcadia n'kukweza maso, umaziona bwinobwino, ndipo m'menemo ndi mmene muli ofesi ya mtsogoleri wa dziko la South Africa. Ndikamadutsa m'munsi mwa nyumbazo foni ili m'manja, ndimakumbukira nkhani imene ndikufuna kuti tikambirane lero, ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja, kaya tili ku Dedza, ku Katete, ku Angónia, ku Lichinga, ku Harare kapena kuno ku Joni.

Masiku ano tonse tidasanduka akatswiri. Munthu akaweruka kuntchito, n'kukhala pansi ndi foni yake, amapereka chigamulo pa chilichonse. Amanena ngati Mamelodi Sundowns yasewera bwino kapena ayi, amadzudzula olemba sewero la Uzalo kapena la Mpali chifukwa chopha munthu amene iye ankamukonda, amatsutsana ndi mnzake ngati Tecno imasunga moto kuposa Samsung. Zimenezi ine sindikuziona cholakwika. Ndi mchere wa macheza, ndipo makolo athu nawonso ankatsutsana pabwalo za ng'oma ndi magule mpaka mwezi kulowa. Munthu akalakwitsa pa nkhani ya mpira kapena sewero la pa kanema, palibe amene amagona m'chipatala.

Vuto ndi lakuti chala chomwecho, pa foni yomweyo, ndi mtima wopepuka womwewo, timachigwiritsanso ntchito pa nkhani ya katemera, mankhwala ndi matenda. Pamenepo mawu amaleka kukhala macheza. Mzinda uno uli ndi mbiri imene iyenera kutiopsa.

Pa 28 Okutobala 1999, Pulezidenti Thabo Mbeki adauza aphungu a nyumba ya National Council of Provinces kuti mankhwala a AZT, amene madokotala ankafuna kupatsa amayi oyembekezera kuti asapatsire ana awo kachilombo ka HIV, akhoza kukhala oopsa pa moyo wa munthu. Adawalimbikitsa kuti akadziwerengere okha zolemba zambirimbiri zimene zinali pa intaneti. Mu Meyi 2000, gulu la alangizi limene iye adasankha lidakumana muno mu Pretoria, ndipo pakati pawo padali Peter Duesberg wa ku America, amene ankakana kuti HIV ndi imene imayambitsa Edzi. Nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, idatchuka ndi kulimbikitsa adyo, mandimu ndi bitiruti. Zidatengera bungwe la Treatment Action Campaign kupita kukhoti lalikulu la ku Pretoria, limene mu Disembala 2001 lidalamula boma kuti lipereke mankhwala a nevirapine kwa amayi oyembekezera, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagwirizana nazo mu Julayi 2002. Ma ARV adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Akatswiri a kuyunivesite ya Harvard adawerengera mu 2008 kuti kuchedwa kumeneku kudatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005, ndi kuti ana pafupifupi 35,000 adabadwa ndi kachilombo pamene akadatha kutetezeka.

Tisafulumire kumuseka Mbeki. Sadali mbuli, adaphunzira zachuma kuyunivesite ya Sussex ku England, ndipo adali munthu wowerenga kwambiri. Dandaulo lake lina lidali loona. Makampani 39 opanga mankhwala adatengera boma la South Africa kukhoti pofuna kuletsa lamulo lothandiza kuti mankhwala atsike mtengo, ndipo adausiya mlanduwo mu Epulo 2001, muno mu Pretoria momwemo, dziko lonse lapansi litawakuwiza. Mbeki ankadananso ndi mmene azungu ena ankanyozera anthu akuda pa nkhani ya Edzi. Mkwiyo wake udali ndi chifukwa, koma mkwiyowo sudasinthe mmene kachilombo kamagwirira ntchito m'magazi a munthu. Ngati munthu wophunzira chotero, wokhala ndi alangizi ndi madokotala pakhomo pake, adasochezedwa ndi zolemba za pa intaneti, nanga ine ndi inu, amene timamvera uthenga wojambula mawu wa munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe, tili m'minibasi?

Mzinda womwewu uli ndi nkhani ina yosiyana ndi imeneyi. Mu Novembala 2021, matenda a Covid-19 adayamba kufalikira mofulumira mu Tshwane, makamaka pakati pa ophunzira a kuyunivesite ya Tshwane University of Technology. Ogwira ntchito m'malabotale a Lancet adaona chinthu chachilendo. Chipangizo choyezera chimene ankagwiritsa ntchito chimafunafuna zizindikiro zitatu za kachilombo, koma mwa odwala ena chinkapeza ziwiri zokha, chachitatu osaoneka. Sadathamangire kufalitsa mphekesera. Adasanthula kachilomboko mwakuya ndi kupereka zimene adapeza kwa anzawo kuti awone ngati nawonso apeza zomwezo. Ku Gaborone, Dr Sikhulile Moyo, mbadwa ya ku Zimbabwe, ndi gulu lake adali ataona zofananazo. Kudapezeka kuti kachilomboko kadasintha m'malo oposa 30 pa kaminga kamene kamalowera m'thupi la munthu. Pa 25 Novembala, Pulofesa Tulio de Oliveira ndi anzake adalengeza poyera, ndipo pa 26 Novembala bungwe la WHO lidautcha mtunduwo Omicron.

Malipiro a chilungamo chawocho tonse tikuwakumbukira. Britain, America ndi mayiko ena adatseka zipata zawo kwa anthu ochokera kumwera kwa Africa. America idaika Malawi ndi Mozambique pa mndandanda wake, Britain idawonjezeranso Zambia, pamene Malawi adali asanalengeze ngakhale munthu mmodzi wopezeka ndi mtunduwo. Pulezidenti Lazarus Chakwera adalemba pa Facebook kuti njira zolimbana ndi mliri ziyenera kutsamira pa sayansi, osati pa kuopa ndi kusala anthu a mu Africa. Nalonso lidali ganizo la pa intaneti, koma lidaima pa mfundo zooneka, ndipo mwini wake adaikapo dzina. Pasanapite nthawi, dziko la Netherlands lidapeza kuti Omicron idali kale kwawo ndege zisanaletsedwe. Britain idachotsa chiletso pa 15 Disembala, America pa 31 Disembala.

Nkhani ziwirizi zikaikidwa pamodzi, zimandiphunzitsa kuti kukayika si tchimo. Asayansi a ku Tshwane ndi ku Gaborone adayamba ndi kukayika: bwanji chizindikiro chachitatu sichikuoneka? Kusiyana kwake ndi kwakuti kukayika kwawo kudawatuma kukagwira ntchito, kukayeza, kukafunsa anzawo, ali okonzeka kuuzidwa kuti alakwitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukayika kwa ambirife kumathera pa kukanikiza batani lotumizira ena.

Ndisaloze ena chala ndisanadziulule ndekha. Kumayambiriro kwa 2021 ndidalandira uthenga wojambula mawu, wa m'Chichewa chomveka bwino, wonena kuti katemera wa Covid-19 amaumitsa magazi ndipo wobayitsa satha zaka ziwiri ali moyo. Wolankhulayo ankati ndi namwino, koma sadatchule dzina lake kapena chipatala chake. Ndidautumiza ku gulu la banja lathu n'kulembapo kuti, "Tamverani izi." M'mutu mwanga ndinkati ndikungogawana nawo nkhani. Ineyo patapita miyezi ingapo ndidakabayitsa, popeza kuntchito ankalimbikitsa. Malume anga kumudzi adakana, ndipo a zaumoyo atafika m'mudzimo adawayankha kuti, "Mphwanga wa ku Joni adatichenjeza kale." M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho adadwala, mpaka adagonekedwa pa mpweya wa m'chipatala masiku angapo. Adachira, tikuthokoza Mulungu. Koma amayi anga adandifunsa funso limene sindidaliyankhe mpaka lero: "Iwe udabayitsa, nanga ife udatiuziranji zina?"

Apa ndi pamene ife okhala kunja tiyenera kudziyang'ana bwino. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, munthu wobwera kuchokera kumigodi ankafika ndi njinga, wailesi ndi jekete, ndipo mawu ake ankalemera pabwalo chifukwa adaona dziko. Ulemu umenewo ulipobe. Amene amatumiza ndalama za feteleza ndi sukulu fizi amamvedwa ngakhale pa nkhani zimene sazidziwa. Chimene iwe watumiza mosaganizira, uli pa mzere wodikira minibasi ku Marabastad, chimafika kwa agogo ngati uphungu wa mwana wawo wodziwa zinthu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Lero kandimverereyo tili naye m'thumba, ndipo salipiritsa ulendo.

Zotsatira za mphekesera tidaziona ndi maso. Mu Januwale 2021, anthu ku KwaZulu-Natal adawotcha nsanja za Vodacom ndi MTN pokhulupirira kuti 5G ndi imene imafalitsa Covid-19, chonsecho mafunde a foni sanganyamule kachilombo, ndipo matendawa adafika ngakhale kumidzi kumene netiweki imavuta. M'mwezi womwewo, pa 12 Januwale, Malawi adataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Komabe pa 19 Meyi chaka chomwecho, boma lidawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana madozi 19,610 ku Lilongwe chifukwa adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. N'zoona kuti katemerayo adafika atatsala ndi masabata ochepa, koma n'zoonanso kuti anthu ambiri ankaopa kubwera chifukwa cha zimene adamva. Ndipo tisaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo zidaphetsa anthu osalakwa. Mphekesera si yachilendo pakati pathu. Foni yangoipatsa miyendo yaitali.

Wina anena kuti, "Kodi ukufuna tikhale chete, tizingomvera azungu ndi maboma, ngati sadatinamizepo?" Ayi. Adatinamizapo, ndipo nkhani ya makampani 39 ndi ya chiletso cha Omicron ndi umboni. Koma amene adagonjetsa makampaniwo, n'kugonjetsanso boma la Mbeki kukhoti, adali anthu wamba, ambiri a iwo odwala, amene adakhala pansi n'kuphunzira kuti kachilombo kamachulukana bwanji, chiwerengero cha CD4 n'chiyani, nevirapine amagwira ntchito motani. Adaphunzitsana m'zinenero zawo, m'matchalitchi ndi m'makiliniki. Adatsutsa akuluakulu ali ndi mfundo m'manja. Ufulu wolankhula umakhala ndi mano ukakhala ndi chidziwitso kumbuyo kwake.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife eni chinenerochi. Bodza limabwera m'Chichewa chokoma, cha mawu, chimene agogo osadziwa kuwerenga amachimva. Choonadi chimabwera m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, m'zikalata zazitali zimene ngakhale wophunzira amatopa nazo. Mpikisano wotero bodza limapambana lisanayambe n'kuthamanga komwe. Tili ndi anamwino, aphunzitsi, madokotala a ziweto ndi ophunzira ku UNISA, kuyunivesite ya Pretoria, ku UNZA, ku KUHeS ndi kwina, amene amalankhula chinenero chathu. Ambiri a iwo akaona bodza pa gulu la banja amangokhala chete poopa kukangana ndi akuluakulu. Ndikuwapempha kuti ajambule mawu awo nawonso, kwa mphindi ziwiri zokha, mwaulemu, atchule dzina lawo ndi ntchito yawo, afotokoze zimene akudziwa ndi pamene kudziwa kwawo kwathera. Chichewa chimene chimatha kufotokoza mlandu wa malo pamaso pa mfumu sichingalephere kufotokoza katemera.

Kwa enafe amene si akatswiri, pabwalo la kwathu pali mwambo umene ungatithandize. Mboni ikaimirira, nyakwawa imafunsa kuti: ndiwe yani, udaona ndi maso kapena udamva, ndipo udamva kwa yani? Uthenga uliwonse wonena za thanzi, mankhwala kapena gulu la anthu ena uyenera kufunsidwa mafunso omwewo. Ngati wolankhulayo alibe dzina, ngati akuti "madokotala akubisa" koma satchula ndi mmodzi yemwe, ngati akukukakamiza kuti utumize msanga kwa anthu khumi, uthengawo uthere pa iwe. Ndipo pali funso lachinayi limene ndidaliphunzira mochedwa: malume anga akachita zimene uthengawu ukunena, ine ndidzavomera kuti ndidawatuma ndine?

Za mpira, za masewero a pa kanema, za foni yabwino ndi yoipa, tiyeni tizikangana mpaka tambala woyamba. Koma ikafika nkhani yokhudza thupi la munthu, tiyambe tafunsa, pakuti safunsa adadya phula, ndipo masiku ano phulalo amalidya ndi wina amene adatikhulupirira. Ine ndidabwerera ku gulu la banja lathu n'kulemba kuti uthenga uja udali wabodza, ndipo ndidalakwa kuutumiza. Zidandichititsa manyazi, koma malume adayankha ndi mawu awo, akuseka, kuti akabayitsa Lachiwiri.