ZA MOYO WA M'BANJA: Kuthamanga Sikufika

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kuthamanga. Tidziwa kuti ena adzaseka, nati: Kodi munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, athamangirenji popanda galu womulondola kapena moto woti akazime? Makolo athu akadafunsa chomwecho, ndipo akadakhoza, pakuti iwo anali anthu a khasu, a mtondo ndi a maulendo apansi. Koma lero ambiri a ife tikhala pa mpando dzuwa lonse, m'ofesi, m'sitolo kapena pa makina osokera, ndipo ngakhale ulendo waufupi tikwera minibasi kapena kabaza. Chotero thupi limene Mulungu analilenga kuti ligwire ntchito lilemera, ndipo matenda a shuga, a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi alowa m'nyumba zathu. M'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu wamkulu alimbitse thupi mphindi 150 kufikira 300 pa sabata ndi ntchito zofatsa monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 kufikira 150 ndi ntchito zamphamvu monga kuthamanga.

Tsono chovuta sindicho kuyamba ayi, koma kupitiriza. Taonani munthu amene wamva malangizo otere. Agula nsapato, alawira m'mamawa, naliyatsa liwiro ngati wothawa njuchi. Abwera ali wefuwefu, m'chifuwa muli moto. Mawa lake miyendo ikana kutsika pa khonde. Mkucha nsapato zija zili kunsi kwa kama, ndipo zikhala komweko kufikira mphemvu zitamangamo mudzi. Munthu ameneyu sali waulesi. Walakwa pa chinthu chimodzi chokha: wayesa kuti kuthamanga kopindulitsa ndiko kowawa. Mtima ndi mapapo zizolowera ntchito yatsopano m'masabata owerengeka, koma mitsempha ya m'miyendo ndi mafupa zifuna miyezi kuti zikhwime. Wofulumira avulala, ndipo palibe munthu akonda chinthu chimene chimpweteka tsiku ndi tsiku. Akulu anaona kale, nati: kuthamanga sikufika.

Nanga tiyambe bwanji? M'chaka cha 1996 munthu wina wa ku America, dzina lake Josh Clark, anakonza njira yotchedwa Couch to 5K, pofuna kuthandiza amayi ake amene anali atapitirira zaka 50. Njira yake ndi iyi: sabata yoyamba munthu athamanga mphindi 1, nayenda mphindi 1 ndi theka, nabwereza chomwecho kufikira zitakwana mphindi 20. Achita zimenezi masiku 3 okha pa sabata, nasiya tsiku lopumula pakati. Pang'onopang'ono kuthamanga kutalika, kuyenda kufupika, ndipo pakutha masabata 9 munthu akhoza kuthamanga mphindi 30 osaima. Kuyenda pakati pa liwiro si manyazi. Ndiko kumene kusunga munthu pa njira. Muyeso wa liwiro loyenera ngwapafupi: ngati mukhoza kulankhula ndi mnzanu muli kuthamanga, muli bwino, mau akayamba kudukaduka, chepetsani.

Munthu akathamanga mofatsa chotere, apeza chimene wofulumira sachiona. Amva kamphepo ka mbandakucha, aona mame pa udzu ndi utsi woyamba wa m'makhitchini, ndipo maganizo amene anamsautsa usiku aphwa. Abwera kunyumba mphamvu zikadalipo, nalakalaka tsiku lina. Apa ndipo pagona chinsinsi chonse: lekani mukadafunabe. Ndipo musathamange nokha ngati mukhoza kupeza mnzanu, pakuti liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Ndiponso tsiku limene tulo tikoma, manyazi a kumdikiritsa mnzanu pa mphambano adzakudzutsani. Sankhani masiku anu, muwasunge monga musunga Misa ya Lamulungu, osayamba mwafunsa mtima ngati ufuna.

Wina adzati: Ine ndakula, nthawi yanga inapita. Imvani za Sisitere Madonna Buder wa ku America, wobadwa m'chaka cha 1930. Iye sanali wothamanga pa utsikana wake. Anayamba ali pafupi ndi zaka 50, wansembe wina atamuuza kuti kuthamanga kugwirizanitsa thupi, nzeru ndi mzimu. Anayamba pang'ono, napitiriza chaka ndi chaka, ndipo mu 2012, ali ndi zaka 82, anatsiriza mpikisano wa Ironman ku Canada, umene munthu asambira makilomita 3.8, napalasa njinga makilomita 180, nathamanga makilomita 42. Sitinena kuti agogo athu onse achite chomwecho. Tinena kuti chimene chidabwitsa pa mayi ameneyu si tsiku limodzi lija, koma zaka zoposa 30 zimene anadzuka namanga nsapato.

Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 20, utiuza kuti m'mawa wa Pasaka ophunzira awiri anathamangira kumanda. Wina anapitirira Petulo, nafika poyamba. Koma anafika onse awiri, ndipo Petulo wochedwayo ndiye anayamba kulowa. Paulo Woyera nayenso, polembera Akorinto, amene anadziwa bwino masewera a mpikisano ochitikira pafupi ndi mzinda wawo, anafanizira moyo wa Mkhristu ndi liwiro lofuna kudziletsa. Mwambo wa thupi ndi mwambo wa mzimu ziphunzitsana. Chifukwa chake, mukadukiza sabata kapena mwezi chifukwa cha maliro, matenda kapena ulesi, musati zonse zatha. Mkhristu akagwa sataya chikhulupiriro. Apita kukalapa, nayambanso. Inunso bwererani pa muyeso wochepa, mukwerenso.

Tichenjeze pa zinthu zitatu. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amayi apakati, ayambe afunsa dokotala. Wodwala malungo kapena wotentha thupi asathamange kufikira atachira, ndipo womva kupweteka m'chifuwa kapena chizungulire aime pomwepo, apite kuchipatala. Chachitatu nchopita kwa ife tonse: tisaseke wothamanga, makamaka mayi kapena munthu wonenepa, pakuti kuseka kwathu kwabweza ambiri amene miyendo yawo ikadapirira. Inu abambo, tsalani ndi ana mphindi 30, amayi nawonso akawongole miyendo.

Yambani mawa, abale okondedwa, ndipo yambani pang'ono. Ambuye amene anatipatsa thupi ili atipatsenso nzeru za kulisamala, kufikira tsiku limene adzalifunanso.