Galimoto Yoyenda Pamadzi Tiitche Chiyani?

Abale anga, anzathu ena owotcherera zitsulo kuno ku Germiston akukonza galimoto yoyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe: injini ya njinga yamoto, thupi longa bwato, matayala otambalala. Aliyense amene anaona Namondwe Freddy atadula misewu ya ku Nsanje mu 2023 sangaiseke ntchitoyi.

Eni ake akuitcha mvuu. Ine ndikukana. Ku Katlehong ndi ku Thokoza, Hippo linali dzina la magalimoto a apolisi m'nthawi ya tsankho, ndipo akuluakulu sanaiwale. Ng'ona nayo imatikumbutsa mantha a ulamuliro wa Kamuzu.

Tiitche chule. Amadumpha pamtunda, amasambira, ndipo dzina lake silinaliritsepo munthu. A ku Chipata ndi ku Tete, mukuti bwanji?