NG'OMA YA M'BOKOSI SIONA MAPAZI A WOVINA

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku sukulu ina ya sekondale kukaonerera mwambo wotsazikana ndi ana a Folomu 4. Itakwana nthaŵi ya magule, atsikana 12 analoŵa m'bwalo atamanga zitenje zofanana, ndipo mnyamata wina anadina lamya yake ya m'manja imene anailumikiza ku zimkuzamawu ziŵiri zazikulu. Chimtali chinayamba, fumbi nkuti koboo. Koma gule asanafike pokolera, magetsi anathima. Atsikana aja anangoti kakasi, kuyang'anana, wina nayamba kuseka atabisa nkhope, mpaka onse anatuluka m'bwalo mwamanyazi. Amayi ambiri amene anali pamenepo anavinapo chimtali pautsikana wawo, koma sipanapezeke woyambitsa nyimbo ngakhale woomba m'manja. Nditafunsa mphunzitsi wina za ng'oma, anandiuza kuti zilipo ziŵiri m'chipinda chosungiramo makasu, kungoti zikopa zake zinadyedwa ndi makoswe kalekale.

Pobwerera ndinayenda ndi mkulu wina amene anadandaula njira yonse kuti makina achilendoŵa atiphera magule. Sindinawatsutse bambowo pamaso, pakuti amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Tsopano agonera, komabe ine ndikuona kuti muvi wawo unalasa pambali.

Tiyambe ndi ng'oma yomwe tikuiliraiyo. Kodi siinapangidwe ndi manja a munthu monga mmene chinapangidwira chimkuzamawu? Mmisiri amasankha mtengo, nkuusema, nkuugoba m'kati kufikira utafika pamene akufuna. Amakunga chikopa ndi kuchikhomera zikhomo. Akafuna kuti liwu lake litsike amamata phula pakati pa chikopacho, ndipo akafuna kuti likwere amaiŵamba pamoto kuti chikopa chikungike. Mphunzitsi wa sayansi angathe kutifotokozera chifukwa chake: chikopa cholemedwa ndi phula chimanjenjemera mochedwerapo, pamene chokungika chimanjenjemera mofulumira. Makolo athu sanalembe zimenezi pabolodi, koma ankazidziŵa ndi zala zawo. Taonaninso malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa ku Dowa ndi ku Ntchisi. Magule ameneŵa anakula itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, pamene anyamata anatengera kaguba ndi mabandi a asilikali. Posoŵa malipenga amkuwa, iwo anatenga zipanda, nkuziboola, nkumata pakabowo nembanemba ya kangaude, ndipo munthu akaimbiramo, liwu limatuluka lonjenjemera ngati la lipenga lenileni. Anyamata amenewo anaona chida chachilendo, nachimvetsa, nkuchipanganso ndi zinthu za m'munda mwawo. Ndani anganene kuti anapha gule?

Wailesi nayonso inabwera ndi mphatso yake. Bungwe la MBC litayamba ntchito mu 1964, kunabadwa mtundu wa seŵero umene agogo athu sanauloteko, seŵero loonera ndi makutu. Amene anakula akumvera Kapalepale wa malemu Smart Likhaya Mbewe akudziŵa chimene ndikunena. Banja lonse linkazinga kawailesi kamodzi pakhonde, ndipo aliyense ankamuona Kapalepale m'mutu mwake, ngakhale kuti wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Woseŵera pawailesi amaphunzira kuti akayandikira chotolera mawu ndi kunong'ona, womvera amamva ngati akuuzidwa chinsinsi, ndipo akalankhulira patali womvera amaona munthu ali kuseri kwa nyumba. Kulira kwa chitseko, mgugu wa mapazi ndi tambala wa m'bandakucha ndizo zimamanga mudzi wonse m'chipinda chopanda zenera. Popanda makina luso limeneli silikadakhalako.

Kumaiko a Azungu nkhani yake ndi yomweyo. Kale nyumba za zisudzo ankaziunikira ndi nyale za gasi, zimene zinkatenthetsa m'nyumba ndi kutha mpweya, ndiponso zinkabutsa moto kaŵirikaŵiri. Mu December 1881 nyumba ya Ringtheater mumzinda wa Vienna inapsa poyatsa nyale zoterezi, ndipo munafa anthu oposa 380. M'chaka chomwecho ku London kunatsegulidwa Savoy Theatre, imene anaiunikira ndi mababu a magetsi pafupifupi 1,200 opangidwa ndi Joseph Swan. Poyamba magetsi anangochotsa kutentha ndi ngozi. Amene anawasandutsa luso anali mayi wina wovina wa ku America, Loie Fuller, amene anatchuka ku Paris kuyambira mu 1892. Iye ankavala chinsalu chachikulu cha silika, atasokerera timitengo m'mphepete mwake kuti manja ake atalike, ndipo akamazungulira, anyamata ake ankamuunikira ndi nyale za mitundumitundu zimene ankazisinthasintha motsata kavinidwe kake. Nthaŵi zina ankavina pagalasi lounikidwa kuchokera pansi, kotero kuti oonerera ankaona ngati munthu wasanduka laŵi la moto. Chimene ndikufuna aŵerengi achigwire ndi ichi: mayiyu sanangogula nyale nkuuza wina kuti ayatse. Ankayesa yekha mankhwala opaka pamagalasi a nyalezo, ankaphunzitsa yekha oyatsa, mpaka zina mwa nzeru zakezo anazilembetsa kuboma kuti ndi zake.

Patapita zaka zoposa 100, mu 1999, nkhalamba ina ya zaka 80, Merce Cunningham, inakonza gule wotchedwa BIPED. Ovina anawamata timipira toŵala m'mfundo za thupi, makamera najambula mayendedwe a timipirato, kompyuta nkuwasandutsa zithunzi za anthu a mizeremizere. Pa tsiku la gule zithunzizo zinkaonetsedwa pachinsalu chopyapyala kutsogolo kwa nsanja, anthu enieni akuvina kuseri kwake, ngati munthu akuvina ndi mzimu wake womwe. Apanso gwero la zonse linali thupi la wovina.

Nanga tsono chinalakwika nchiyani pasukulu paja? Aliyense amene anaimapo pafupi ndi oimba ng'oma pabwalo la gule wamkulu akudziŵa kuti woimba mbalule sayang'ana ng'oma yake. Maso ake amakhala pamapazi a chilombo chimene chili m'bwalo. Chikapalasa, mbalule imayankha. Chikadukiza, nayo imadukiza, ndipo nthaŵi zina ndi ng'omayo imene imaputa, chilombo nkuyankha. Ndi kukambirana kwa aŵiri, ndipo sikubwerezeka chimodzimodzi ngakhale gule yemweyo atavinidwa maŵa lake. Mu chimtali namonso woyambitsa nyimbo amaona ngati anzake atopa kapena ngati bwalo latentha, ndipo amadziŵa pofupikitsa ndi potalikitsa. Nyimbo yojambulidwa ilibe maso. Imayamba pamene inayambira dzulo ndi kuthera pamene inathera dzulo, kaya wovina wagwa, kaya anthu akufuna zina. Mwana wophunzira kuvina motsata bokosi amaphunzira kuŵerenga masitepe, osati kumvera mnzake, ndipo bokosilo likakhala chete iyenso amasoŵa pogwira. Atsikana aja sanali aulesi kapena opanda luso. Anaphunzitsidwa kutsata chinthu chosamva, ndipo mlandu umenewo ndi wa ife akuluakulu.

Matenda omwewo aloŵanso m'zisudzo. Masiku ano mumaona ana asukulu akulandirana chimkuzamawu chimodzi pansanja ngati chikho cha thobwa pamaliro. Mfumu ikuweruza mlandu dzanja limodzi lili pakamwa, ndipo woimbidwa mlandu ayenera kudikira kuti amupatsire chidacho asanayambe kulira. Chikhalirecho holo yake ndi yoti munthu wophunzitsidwa kutulutsa mawu kuchokera m'mimba angamveke mpaka kukhomo. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, limene aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anagwira nalo ntchito, linkaseŵera m'masukulu ndi m'midzi m'zaka za m'ma 1980, nthaŵi zambiri panja, popanda nyale ngakhale chimkuzamawu, ndipo anthu a kumudzi ankaloŵerera m'seŵero ndi kutsutsana ndi oseŵerawo. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM nawo unatulutsa akatswiri monga malemu Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, pa nthaŵi imene masukulu ambiri analibe chida china koma mawu ndi thupi la mwana.

Ndikudziŵa chimene mphunzitsi angandiyankhe, ndipo sindikuchipeputsa. Adzati kalasi lake lili ndi ana ochuluka, nthaŵi ya Expressive Arts ndi yochepa, chikopa ndi chodula, ndipo odziŵa ng'oma m'tauni ndi osoŵa, pamene nyimbo ya palamya ndi yaulere ndiponso siikana kubwera. Zonsezi ndi zoona. Ndionjezerenso kuti lamya yomweyo ingatisungire zambiri zimene zikupita ndi nkhalamba kumanda. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu ndi vimbuza mu 2005, mwana wa kumudzi analibe njira yojambulira agogo ake akuimba ng'oma, koma lero njirayo ili m'thumba mwake. (Pano sindikunena zoloza kamera kudambwe, kumene eni mwambo sanaiitane. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo yofunika ulemu.)

Pempho langa tsono ndi lakuti chida chilichonse chipatsidwe malo oyenera. Nyimbo yojambulidwa ikhale ya pokonzekera, kuti ana amve mmene odziŵa amaimbira, koma pa tsiku la gule pakhale munthu wamoyo pang'oma. Ngati bwalo ndi lalikulu, chimkuzamawu chiikidwe pafupi ndi ng'omayo kuti chiithandize kufika patali. Sindikhulupirira kuti pali sukulu m'Malaŵi muno imene ili kutali kwambiri ndi munthu wodziŵa kukunga chikopa kotero kuti komiti ya makolo singamupeze. Ndipo mphunzitsi wa sayansi asamaone za zisudzo ngati za mnzake wa Chicheŵa yekha. Mababu ang'onoang'ono a masiku ano amayaka ndi batire ya sola, chitini cha mkaka chimasanduka nyale yolozera kuŵala pamalo amodzi, ndipo pepala la pulasitiki lofiira kapena lobiriŵira limasintha usana kukhala madzulo. Ana amene angalumikize mawaya amenewo adzamvetsa phunziro la magetsi kuposa amene analiloŵeza pokonzekera mayeso, ndipo seŵero lawo silidzaima ngakhale magetsi a m'dera lonse atathima.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mukusinkhasinkha za ntchito, dziŵani kuti pansanja pamafunika anthu enanso kupatula oseŵera. Pamafunika woyatsa nyale wodziŵa nthaŵi imene nkhope ya wolira iyenera kuŵala ndi imene iyenera kubisika. Pamafunika wosamala mawu amene angaletse ng'oma kumiza oimba. Ambiri amene amagwira makinaŵa pamaukwati ndi pamisonkhano amangodziŵa kukweza mpaka makutu kuŵaŵa, chifukwa sanakhalepo m'bwalo ngati ovina kapena oseŵera. Mnyamata uja wa lamya ndinamuona magetsi atathima, ali jidima ndi mawaya ake, thukuta lili kamukamu. Akadakhala kuti anaphunzirako ng'oma, bwenzi atathamangira m'chipinda cha makasu muja, ngakhale kukagubuduza chidebe chamadzi nkuyamba kuchiomba.

Ng'oma ziŵiri zija ndamva kuti zikadali momwemo. Ndalembera kalata aphunzitsi aakulu a pasukulupo kuwauza kuti chikopa cha imodzi ndidzagula ndine.