Cidole ca madola miliyoni ndi galimoto yamawaya yotayidwa kudzala

M'mwezi wa Agosto caka ca 2024, ku America, kacidole ka pulasitiki kotalika ngati cala camkombaphala kanagulidwa pa mtengo wa madola 1,342,000. M'ndalama zathu ndi meticais opitirira mamiliyoni 80. Nkhani zotere zimayenda m'mafoni mpaka kutifika kuno ku Tete, ndipo anthu amazilandira m'njira ziwiri. Akuluakulu amaseka, amati azungu ndalama zawazunguza mutu. Anyamata ena saseka. Amayamba kufukula milu ya zidole za kalamidade pa msika wa Kwachena, poganiza kuti mwina mwayi wabisala m'belo. Ine ndikuti oseka ndi ofukula onse aphonya, ndipo kuphonya kumeneku kukutitayitsa cinthu cathucathu.

Tiyambe tadziwa kacidoleko. Dzina lake ndi Boba Fett, msilikali waganyu wa m'mafilimu a Star Wars, onena za nkhondo zongopeka za kumwamba pakati pa nyenyezi. Filimu yoyamba inatuluka mu 1977. Kampani ya Kenner ya mumzinda wa Cincinnati inayamba kugulitsa tizidole ta anthu a m'filimumo mu 1978, ndipo pofika 1985 inali itagulitsa pafupifupi mamiliyoni 300. Cinthu coculuka conco sicingakhale codula, ndipo tambiri mwa tizidoleto lero ndi totsika mtengo. Nanga kameneka kanasiyana pati? Mu 1979 Kenner inafuna kutulutsa Boba Fett wokhala ndi kamzinga kumsana, kouluka ukadina. Koma mwana wina anali atamwalira potsamwidwa ndi kamzinga kotere ka cidole ca kampani ina, conco Kenner inasintha maganizo n'kumata kamzingako kuti kasaculenso. Tizidole toyesera tija sitinafike m'sitolo. Tocepa tokha tinapulumuka m'manja mwa anchito a kampaniyo. Kena ka mtundu womwewo kanagulidwa madola 525,000 m'mwezi wa Maio caka comweco ca 2024.

Osonkhanitsa zidole zimenezi amalondola kusiyana kwakung'ono kwambiri. Kacidole kochedwa Jawa kanayamba kutuluka ndi mkanjo wapulasitiki, posakhalitsa kampani inasinthira ku mkanjo wansalu, ndipo lero wapulasitikiyo ndiye wosowa. Kena kochedwa Vlix kanagulitsidwa ku Brasil kokha, ndi kampani ya Glasslite. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku. Kuli makampani amene nchito yawo n'kuyesa cidole, kutsimikiza kuti si cabodza, n'kucitsekera m'kabokosi koonekera mkati. Amatero cifukwa zidole zokopera zadzaza.

Tsono inu anyamata, mvetserani. Cidole ca m'belo, cothyoka mkono, copanda bokosi lake, copanda wodziwa kumene cinacokera, palibe adzakupatseni naco mamiliyoni. Amene amalongedza mabelo kunjako nawonso ali ndi mafoni ndi maso. Musathere mpamba wa geni yanu pa maloto, ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi wogula ku Johannesburg bola muyambe mwamupatsa kangacepe, dziwani kuti wagula inuyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Koma mlandu wanga waukulu uli ndi inu oseka. Kodi mukuganiza kuti ogula zidolezi ndani? Ambiri ndi anthu amene anali ana mu 1978, lero imvi zili mbuu. Pulasitiki wa m'kacidoleko sangagule ngakhale mtanda wa sopo. Cimene akulipira ndi ubwana wawo, ndipo mtengo wake waima pa zinthu zitatu: tatsala tocepa, wina anatisunga, ndipo mbiri yake inalembedwa. Musanaseke, tayankhani: ife amene tinali ana zaka zomwezo, tasungapo ciyani?

Pamene ana a ku America ankatsegula mabokosi a Kenner, ife tinali m'nkhondo ya zaka 16. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. A ku Angónia ndi Tsangano ambiri anangowoloka msewu n'kukakhala kwa abale ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena a m'cigawo cathu anakafika ku Ukwimi m'dziko la Zambia, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. Ana a nthawi imeneyo analibe sitolo, koma sanasiye kusewera. Ankaumba ng'ombe zadothi, ankabereka ana a zitsononkho pa masanje, ankakulunga mpira wa mapepala, ndipo koposa zonse ankapinda mawaya. Ankapanga zimene maso awo ankaona: malole a cimanga ca thandizo, magalimoto a asilikali, ndege zozungulira mapiko pamutu. Waya ankamanga ndi timalamba todula ku chubu ca njinga, matayala ankasema ku mapatapata akutha kapena kulumikiza zitsekerero za mabotolo, ciwongolero cinali cacitali cofika m'ciuno. Wina ankadziwa kupota waya kuti galimoto izinjanja ngati ili ndi masipuling'i, wina ankadziwa kulumikiza ciwongolero kuti matayala akutsogolo azikhota. Kenner inkathira zidole mamiliyoni m'cikombole cimodzi. Mwana wa ku Domué ankapanga imodzi yokha, yopanda inzake pa dziko lonse. Ngati kusowa ndiko kumapatsa cinthu ulemu, ndani anali ndi cosowa ceniceni?

Lero zili kuti? Zinapita kudzala. Za nthawi yothawa sindiimba nazo munthu mlandu, pakuti wothawa mfuti sasenza zidole. Koma papita zaka zoposa 30, ndipo khalidwe lathu ndi lomwelo. Mayi akusesa pabwalo amakankhira galimoto ya mwana ku zinyalala. Bambo amaiphwasula kuti waya wake amangire khola. Tikapeza kandalama timagula kagalimoto ka pulasitiki kocokera ku China, kothyoka lisanathe sabata, n'kumanyadira kuti mwana wathu watukuka, ndipo wa mawaya uja timamukalipira kuti akutola zauve. Tikuphunzitsa ana kuti cogula n'caulemu, copanga ndi manja n'caumphawi.

Alendo ndiwo anaona zimene ife tikuponda. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lochedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana a kumeneko anaphunzira liwu lathu kudzera m'bukulo. Mpando umene mmisiri wa ku Maputo, Cristóvão Canhavato, anawocherera ndi mfuti za nkhondo yathu mu 2001 uli ku British Museum ku London. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo anthu amacoka kutali kukaona za Acewa, Angoni ndi Ayao zosungidwa kumeneko. Kusunga n'kotheka, ndipo Mua si kutsidya kwa nyanja. Kodi tidikire mlendo winanso kuti adzatiuze kuti galimoto ya mwana wathu ndi mbiri?

Ndikudziwa cimene ena anene, pakuti pa wailesi ndimacimva kawirikawiri: feteleza wakwera, mvula yavuta, inu mukukamba za zidole? Njala ndi yoona, sindikuikana. Koma kusunga galimoto yamawaya sikudya thumba la feteleza. Kumafuna msomali pakhoma ndi kapepala. Ndipo si masewera cabe. Pitani kwa amakanika ndi owocherera zitsulo a kuno ku bairro la Filipe Samuel Magaia, kapena a ku Ulóngue ndi ku Zóbue, mukawafunse kumene manja awo anayambira kudziwa kuyeza ndi kupinda. Mwana wopinda waya akuphunzira kuona cinthu, kucisunga m'mutu, n'kucipanganso ndi zimene ali nazo. Mwana wa cidole cogula waphunzira kudina basi.

Ena anene kuti: cabwino, tisunge, mwina mawa mzungu adzagula. Ayi. Amene akusunga ndi mtima umenewo sasiyana ndi wofukula belo. Sindikulonjeza munthu ndalama. Ndikunena kuti mdzukulu wanu, amene sanamve kulira kwa mfuti, ali ndi ufulu woona ndi maso ake mmene agogo ake anakhalira ana m'nthawi yoipa, osataya nzeru.

Tili ndi mwayi umodzi umene osonkhanitsa a ku America alibe. Fakitale ya Kenner inatsekedwa, koma amisiri athu ali moyo. Ana a 1988 ndi ife, a zaka makumi anayi ndi asanu, ndipo manja sanaiwale. Conco ndikupempha zinthu zocepa. Inu mafumu ndi anyakwawa, itanani abambo ndi amayi amene anakulira kothawa, aliyense apangenso cidole cimene ankapanga, ana akuonerera, ndipo afotokoze kumene anali ndi cimene ankatsanzira. Inu aphunzitsi, patulani thabwa limodzi m'kalasi, ndipo pa cidole ciliconse mangani kapepala: wopanga, mudzi, caka, zipangizo. Popanda kapepalako ndi waya cabe. Ife a wailesi za m'madera tijambule mawu a ofotokozawo, ndipo bungwe lathu lisunge zithunzi ndi kaundula. Inu makolo, mwana akapanga galimoto yabwino, musaiphwasule. Ikatha nchito ipacikeni kudenga.

Madzi akatayika saoleka. Zidole za 1988 zinatayika, koma odziwa kuzipanga tikudya nawo nsima lero lino. Pakapita zaka 20 ambiri adzakhala atagona. Tikadikira mpaka pamenepo, ana athu adzadziwa dzina la Boba Fett kucokera m'mafoni, koma wopanga lole yamawaya ya ku Tsangano sadzamudziwa, ndipo wolakwa sadzakhala mzungu.