Zindege zikuluzikulu zatha msika, mpando wopanda munthu sugula mafuta

Pa tsiku la 31 Janeiro m'chaka cha 2023, ku Everett m'dziko la America, kampani ya Boeing inapereka kwa wogula ndege yake yomaliza ya mtundu wa 747. Wogulayo anali kampani ya Atlas Air, ndipo ndegeyo inali ya katundu, yopanda mipando ya apaulendo. Fakitale inatseka buku itapanga ndege 1,574 za mtunduwu kuyambira pamene yoyamba inauluka mu 1969. Ku Ulaya nakonso zinali zitachitika kale. Kampani ya Airbus inapereka A380 yomaliza mu Dezembro 2021, itangogulitsa 251 zokha.

Mlimi wa ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furancungo akhoza kufunsa kuti za kumwambazi zikumukhudza bwanji iye, amene ulendo wake wautali ndi wokagulitsa kachewere ku Ulongwe. Zikumukhudza ndithu, chifukwa m'dziko muno ndege ndi mabwalo a ndege zimagulidwa ndi ndalama za boma, ndipo ngongole ya boma salipira ndi okwera ndege okha.

Choyamba, kodi chinapha malonda a zindegezi n'chiyani? Aliyense amene anadikirapo machimbombo pa siteji akuidziwa nkhaniyi. Basi yaikulu imapindula ikadzaza. Ikanyamuka ndi anthu khumi, mafuta imamwa omwewo, dalaivala ndi kobradori malipiro awo ndi omwewo, matayala akutha chimodzimodzi. Pamene iyo ikudikira kuti idzaze, chapa yapita ku Tete n'kubwerako. Kumwamba zayendanso choncho.

Pamene 747 inayamba kunyamula anthu mu Janeiro 1970, pa ulendo wa kampani ya Pan Am wochokera ku New York kupita ku London, inali yodabwitsa. Inali ndi injini zinayi, linunda pamutu, ndi mipando yoposa 350. Masiku amenewo malamulo sankalola ndege ya injini ziwiri kutalikira bwalo lomwe ingateremo pangozi kuposa ulendo wa ola limodzi. Choncho wofuna kudutsa nyanja yaikulu ankafunika injini zitatu kapena zinayi. Koma injini zinapita zilimba. Mu 1985 akuluakulu a za ndege ku America analola ndege za injini ziwiri kutalikira maola awiri, ndipo mu 1988 anafika pa maola atatu. Kuyambira pamenepo injini ziwiri zoonjezera zinasanduka pakamwa pawiri pongodya mafuta ndi ndalama zokonzetsera.

Airbus inaona zina. Inaganiza kuti mabwalo akuluakulu adzathinana kwambiri, ndipo njira yokha idzakhala kusonkhanitsa anthu pamalo amodzi n'kuwalongedza m'chindege chimodzi. Inapanga A380, yosanjikiza pawiri kuyambira kumutu mpaka kumchira, yololedwa kunyamula anthu 853 ngakhale makampani ambiri amaikamo mipando pafupifupi 500. Inayamba ntchito mu 2007 ndi Singapore Airlines. Apaulendo anaikonda, ndipo mpaka lero amaiyamikira chifukwa cha malo ndi kuchepa kwa phokoso. Osunga chuma cha makampani ndiwo sanaikonde. Boeing 787 itayamba ntchito mu 2011 ndi Airbus A350 mu 2015, makampani anapeza ndege za injini ziwiri, za mipando 250 kapena 300, zosamwa mafuta ambiri, zofika kutali komweko popanda kukokera anthu ku bwalo lapakati. Mu Fevereiro 2019 Airbus inalengeza kuti isiya kupanga A380. Mwa ndege 251 zija, 123 zinapita kwa kampani imodzi, Emirates ya ku Dubai. Malonda odalira kasitomala mmodzi ngakhale wogulitsa tomato amadziwa mathero ake.

Mliri wa Covid-19 unangokankha khoma logumuka kale. Mu 2020 British Airways inapumitsa ma 747 ake onse 31, KLM ndi Qantas anachita chimodzimodzi, ndipo Air France inasiya A380. Kuno kum'mwera, South African Airways inali itasiya kale 747 zaka zambiri mliri usanabwere.

Chilungamo chake n'chakuti zindegezi sizinatheretu mlengalenga. Emirates ikuulutsabe A380, Lufthansa ya ku Germany ikadali ndi 747 ndipo inabweza ma A380 ena pa ntchito mu 2023 apaulendo atachulukanso. Kumene kuli anthu zikwizikwi tsiku lililonse pa njira imodzi, chindege chimadyetsa mwini wake. Funso ndi lakuti njira zoterozo zilipo zingati, nanga Moçambique ili nayo ngakhale imodzi?

Mbiri ya dziko lino ili ndi yankho. Pa 5 Outubro 1998, ndege ya 747SP imene LAM inabwereka kwa South African Airways inanyamuka ku Maputo, injini imodzi inaphulika, moto unabuka pa phiko, ndipo woyendetsa anaitembenuza n'kutera. Palibe anamwalira, zimene zili zoyamika. Koma chiwerengero cha opulumukawo chikunena zambiri: m'ndege ya mipando yoposa 200 munali anthu 66, kuwerengera pamodzi ndi ogwira ntchito.

Phunziro silinalowe. Mu Dezembro 2014 boma linatsegula bwalo la ndege la ku Nacala, m'chigawo cha Nampula, lomangidwa ndi kampani ya Odebrecht ndi ngongole yochokera ku Brasil. Msewu wake wotera ndege ndi wa mamita 3,100, woyenera 747, ndipo nyumba yake inakonzedwera anthu 500,000 pa chaka. Pofika 2017 atolankhani ankalitcha bwalo la mizukwa, chifukwa odutsapo pa chaka sankakwana ndi 20,000 omwe. Bwalolo linamangidwira zindege pa nthawi imene eni zindege anali atayamba kale kuzitaya.

Chaposachedwa ndi ulendo wa ku Lisboa. LAM inauyambanso mu Dezembro 2023 ndi ndege yobwereka ya Boeing 777, ya injini ziwiri koma ya mipando yambiri, ndipo inauimitsa mu Fevereiro 2025 chifukwa unkangotayitsa ndalama. M'mwezi womwewo boma linalola kuti makampani ake atatu agule gawo lalikulu la LAM: CFM ya njanji ndi madoko, EMOSE ya inshuwalansi, ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa. Dzina lomalizali anthu a chigawo cha Tete sachita kufotokozeredwa. Ndi damu la pa Songo, pa mtsinje wa Zambezi, limene mawaya ake amadutsa pamwamba pa midzi ina yogonabe mu mdima.

Palibe akunena kuti dziko likhale lopanda kampani ya ndege. Kuchokera ku Tete kupita ku Maputo pa msewu ndi mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu kapena wophunzira wa ku yunivesite akufunika ndege ya pa Chingodzi imene imabwera tsiku lolembedwa pa tikiti, pa mtengo woti mphunzitsi angaukwanitse. Ntchito imeneyo ndi ya ndege zazing'ono ndi zapakati, za mipando 70 kapena 100 ndi kuposerapo pang'ono, zoyenda kawirikawiri. Ulemu wa mbendera pa bwalo la ku Ulaya ungathe kudikira.

Aphungu a chigawo cha Tete ku Assembleia da República ali ndi mafunso oyenera kufunsa ndalama ya Cahora Bassa isanagule ndege ina iliyonse: ili ndi mipando ingati, idzayenda njira iti, ndipo pa njirayo chaka chatha panadutsa anthu angati. Mayankho ake awerengedwe pa wailesi, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe.