Foni yanga, chinsinsi cha aliyense

Pa Chintheche pali kamnyamata kena kotumizitsa ndalama pafoni kamene kamasiya buku lake pululu pathebulo. Uli pamzere umangowerenga: nambala ya uje, wachotsa zakuti, nthawi yakuti. Lachiwiri ndinadziwiratu mayi amene walandira ndalama za ku Joni mwini wake asanafike n'kunyumba komwe. Nditadandaula, kamnyamatako kanaseka. "Bambo, ngati simunabe mukuopanji?"

Funso limenelitu limandiwawa, chifukwa ndi lomwelija tinkalimva pamene bungwe la MACRA linagula makina a CIRMS ku kampani ya ku America ya Agilis International pa mtengo wa madola 6.8 miliyoni. Anthu anawatcha makina aukazitape. Khoti lalikulu linawaletsa mu 2012, koma la apilo linawalola mu 2014. A MACRA ankati iwo samvera zokamba zathu, akungofuna kuona ngati makampani a foni akutumikira bwino komanso akulipira zoyenera. Chabwino. Nanga munthu wodziwa amene ndamuimbira, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ndili pafupi ndi nsanja iti, atsala ndi chiyani choti amvere? Mukaimbira munthu mmodzimodzi usiku uliwonse cha m'ma 11 koloko, nkhani yake imadzifotokoza yokha. Ndipo kuyambira 2018 simukhadi iliyonse inamangiriridwa ku chiphaso cha unzika, ndiye nambalayo ndi inuyo basi.

Za kutumikira bwinozo, kafunseni asodzi a ku Usisya amene amayendabe foni ili m'mwamba kusaka netiweki kuti auze wogula mtengo wa usipa.

Ife a m'mbali mwa nyanja muno tisamanamizidwe ngati ana. Aleke Banda wa ku Tukombo anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Masiku amenewo boma linkadalira makutu a anthu, kalata n'kumafika itamatidwa kawiri, ndipo pamaliro pomwe tinkayamba tacheuka tisanatchule dzina la Kamuzu. Ndi chifukwa chake ndime 21 ya malamulo oyendetsera dziko lino imatchula makalata ndi mauthenga apafoni poteteza chinsinsi cha munthu. Analemba ndimeyo ndi anthu oti zinawaonekera.

Wina ati zimenezo n'zakale. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, kufuna kudziwa amene anamutsina khutu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chondiseketsa n'chakuti lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linaika MACRA yomweyo kukhala mlonda wa zinsinsi zathu. Amene anagula makina aja ndi amenenso tizikamudandaulira! Inu aphungu a kuno ku Nkhata Bay, kafunseni m'Nyumba ya Malamulo: ndani amaona mbiri ya mafoni athu, imasungidwa zaka zingati, ndipo chilolezo chake amapereka ndi woweruza uti?